Kasimbi ka Makolala

Dzina langa ndine Otilia. Ndinabadwira kwa Maseya m'chaka cha 1900. Zimene ndikuuzeni zinachitika pa Port Herald, pomwe ife tinkangoti pa Nsanje, kuyambira Meyi 1920 kufikira Novembala 1921. Zakumva ndazisiya. Ndinena zokhazo zimene maso anga anaona ndi zimene thupi langa linamva.

1

Mwamuna wanga Lorenso anali woyeza thonje pa Chiromo pamene anandikwatira. Nthawi imeneyo ankayenda wopanda nsapato, ndipo ankazikonda mphini zanga. Ndinali nazo zitatu pamphumi ndi mizere inayi pa tsaya lililonse, zimene azakhali anga ananditema nditatha msinkhu. Lorenso ankaziyendetsa chala n'kumati, "Ngakhale nditachita khungu, sindingakusokoneze ndi mkazi wina."

Mu Meyi 1920 kampani yogula thonje inamukweza kukhala kalaliki wamng'ono n'kumutumiza ku Port Herald. Ananditenga chitengwa. Ankhoswe anga anatsala kumtunda kwa Shire, kutali koti mawu sangafike.

Tinapatsidwa nyumba pa mzere wa makalaliki, pafupi ndi njanji. Zinali nyumba zisanu ndi imodzi za njerwa, zofolera malata, zoyandikana moti mnzako akamatakasa tiyi unkamva supuni ikugunda kapu. Anthu a m'midzi ankatchula malowo kuti kwa Ansapato.

Kwa Ansapato kunali lamulo limodzi lokha: chimene achita a Sebastiano, mkulu wa makalaliki, onse achite. A Sebastiano ankavala chovala chaubweya m'kati mwa jekete ngakhale mu Okutobala, pamene malata amawotcha ngati chiwaya. Amuna onse ankavala, thukuta likuyenderera m'makolala. A Sebastiano ankatsokomola kawiri asanayankhule, ndiye mzere wonse unagwidwa ndi chifuwa. Iwo ankavala magalasi a maso, ndiye Mmwenye wa pasitolo anagulitsa magalasi opanda mphamvu kwa amuna asanu a maso abwinobwino. Nyumba iliyonse inali ndi mpando umodzi wa mlombwa wosakhalidwa ndi munthu, ndi wotchi pakhoma. Yathu sinkayenda. Lorenso anati zilibe kanthu, ya a Sebastiano imamveka mpaka kwathu.

Pakhonde tinkadya ndi mafoloko kuti odutsa aone. Kuseri tinkadya ndi manja nyika, mizu ija ya kakombo wa m'dambo, ndi mlamba wowamba, chitseko chili chotseka. Ukafunsa chifukwa cha china chilichonse, yankho linali limodzi: "Anzathu onse amatero."

Kwa akazi, woyang'anirapo anali Dona Anna, mkazi wa a Sebastiano. Anali wamtali, wosaseka, wa zaka ngati makumi anayi. Ankamanga riboni yotambalala pamphumi, yofika m'nsidze, ndipo sindinamuonepo wopanda riboniyo. Akazi onse a pamzere ankamanga chimodzimodzi.

Anabwera kudzandilonjera sabata yoyamba. Anandiyang'ana nkhope mpaka tiyi anazizira m'kapu mwake.

"Anakutema ndani, mwananga?"

"Azakhali anga, Dona."

"Dzanja lawo linali lowongoka." Anatulutsa riboni yobiriwira m'kachikwama n'kundipatsa. "Iyi ibisa za pamphumi. Za m'masayazo, pemphera kuti amuna ako akhale ogontha."

Sindinamvetse. Ndinangoti takhuta, zikomo wa kwathu, n'kuwomba m'manja. Anandigwira manjawo.

"Kuno sitiwomba m'manja," anatero.

2

Sabata lililonse masana tinkasonkhana pakhonde pa a Sebastiano kumwa tiyi ndi kumvera galamafoni. Anali ndi zimbale zitatu zokha, ndipo palibe amene ankamva mawu a nyimbozo, koma amuna ankagwedeza mitu pamalo amodzimodzi. Wopukusa galamafoniyo anali Dona Anna.

Akazi anzanga anakulira kumishoni, nkhope zawo zinali zosalala. Lorenso anandigulira ufa wodzola kumaso kuti uziphimba mphini. Ufawo unkagwira mpaka kapu yoyamba. Ikafika yachiwiri thukuta linali litautsuka, mphini zili poyera, zoderapo kuposa kale.

Tsiku lina mu Seputembala a Sebastiano anatsokomola kawiri.

"Lorenso, iwe ndiwe kalaliki wakhama. Ntchito umapita nayo ndi kunyumba komwe. Taonani anzanga, mizere ya m'buku la kuofesi waijambula pankhope ya mkazi wake."

Anayamba kuseka okha, kenako onse anaseka. Andrea, kalaliki wachinyamata amene anali asanakwatire, anaseka mpaka tiyi anatulukira m'mphuno. Lorenso nayenso anaseka. Ndinamuona khutu likunjenjemera.

"Tisaseke kwambiri," anapitiriza a Sebastiano, ndipo kuseka kunatha nthawi yomweyo. "Malo a kalaliki wachiwiri atseguka mu Januwale. Mzungu amayendera nyumba za anthu ake asanakweze munthu. Akalowa kwanu adzapeza chiyani, nyumba ya kalaliki kapena tsimba la anamwali?"

Kenako anamukodola Lorenso, awiriwo n'kupita kuseri kwa nyumba. Anachedwako. Dona Anna anapukusa galamafoni osayang'ana munthu.

Pobwerera kwathu Lorenso anali ndi kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Anakavundukula patebulo. Kanali kasimbi kakang'ono kositira makolala, kachitsulo chokhachokha, kosapitirira chikhatho changa, kosongoka kumphuno, kotenthetsa pa makala.

"Mphatso yochokera kwa a Sebastiano," anatero. "Palibe wina pamzere pano amene anapatsidwapo kanthu."

Ndinanyadira. Mwezi wathunthu ndinasitira kasimbi kameneko makolala a mwamuna wanga, olimbitsa ndi phala la chinangwa, mpaka ankaima okha.

3

Linali Sabata lachitatu la Okutobala 1920, dzuwa litangopendeka. Lorenso anati lero sitipita ku tiyi. Anakoleza yekha makala pa mbaula, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kuikapo kasimbi. Anatseka chitseko ndi mawindo. Anathira kachasu m'kapu ya tiyi, n'kumwa theka, theka n'kundipatsa. Ndinakana.

"Khala pampando uwo."

"Wa mlombwawo, bambo? Wosakhalidwawo?"

"Lero khala."

Ndinakhala m'mphepete mwake, ndikuopa kuudetsa.

"Otilia, khungu la munthu lili ngati nsalu. Makwinya amachoka ndi moto. Lakale limasupuka, latsopano limamera losalala ngati la khanda. Ndi kanthawi kochepa chabe."

Ndinaseka. Ndinkayesa nthabwala ya makalaliki imene ine wakumudzi sindikuimva. Pomwepo galamafoni inayamba kwa a Sebastiano, mokweza kuposa masiku onse, ngati kuti lipenga lake analitembenuzira kwathu.

Lorenso anakulunga chogwirira cha kasimbi ndi nsanza. Anandigwira tsitsi, n'kuwombetsa mutu wanga kukhoma, bondo lake likundipanikiza ntchafu. Kasimbi kanatera pa tsaya lamanzere.

Phokoso lake linali lija la nsomba yaiwisi pa makala. Fungo linandifika ululu usanafike. Utafika ndinaitana amayi, amene anali atamwalira ndi chimfine cha 1918. Ndinaitana azakhali. Ndinatembenuza mutu n'kuluma dzanja lake pamfundo mpaka mano anga anakumana ndi fupa. Kasimbi kanatsetsereka kutsikira pakamwa, kakusenda khungu ngati khoko la mbatata yootcha. Mpando unagwa, tonse tinagwa nawo. Anandimenya chibakera m'diso, china m'nthiti, china m'nthiti momwemo. Ndinakwawira pansi pa tebulo, magazi a dzanja lake ali m'kamwa mwanga.

Ndanena kale kuti pamzerepo tinkamverana supuni. Palibe anabwera. Chimbale chinatha, chinayambanso, chinathanso, chinayambanso.

Tsaya lachiwiri analephera chifukwa dzanja silinkagwiranso. Anakhala pansi, akupuma ngati galu, n'kuyang'ana kolala yake imene inali itadontheredwa magazi.

"Wagwedezeka," anatero. "Waononga wekha."

M'mawa mwake ndinapeza kamphika pakhomo lakuseri. Munali mafuta a nsatsi, uchi ndi nsalu yoyera yong'ambidwa bwino m'timizere. Amene anakonza ankadziwa kukula kwa bala. Sindinadziwe kuti ndi ndani.

4

Lorenso anauza anthu kuti ndadwala malungo aakulu ndipo adokotala aletsa alendo. Bala linapola kumayambiriro kwa Disembala. Ndinadziyang'ana pagalasi. Khungu la khanda silinamere. Panali chithunzi cha kasimbi, mphuno yake ili pansi pa diso, ndi mchira wokhakhala wokokera mlomo m'mwamba, ngati ndikunyogodola munthu. Tsaya lamanja mphini zinayi zinali chikhalire.

Lorenso anayang'ana kamodzi, n'kutuluka kukasanza kuseri. Kuyambira tsiku limenelo ankayankhula nane akuyang'ana wotchi yosayenda ija.

Anatuma munthu wa pa sitima ya pamadzi kuti akagule chipewa ku Chinde, kudoko la Apwitikizi. Chinabwera m'bokosi lozungulira: chipewa chakuda chokhala ndi velo lochindikala lofika pachibwano.

"Uvala ichi pa Khrisimasi. Ukachivula pagulu, ndidzamaliza tsaya linalo. Ukathawa, ndidzauza abambo mfumu kuti unagwera pamoto uli ndi mwamuna wina."

Pa Khrisimasi ndinalowa m'tchalitchi nditavala chipewacho. Ndinkayembekeza kuti wina afunsa. Titatuluka akazi a pamzere anandizinga.

"Mayi Lorenso, chimenechi mwachipeza kuti?"

"Ku Chinde," anayankha Lorenso. "Madona a Chipwitikizi onse akuvala zotere chaka chino. Kuonetsa nkhope pamsewu ndi zachikale."

"Inenso ndinamva choncho," anatero mkazi wa kalaliki wa kusiteshoni.

"Ine ndinamva kalekale," anatero mnzake.

Dona Anna yekha sanagwire velo langa. Anaima pambali, manja atapinda.

Pofika Pasaka wa 1921 mavelo anali atatu kuwonjezera pa langa. Mmwenye uja ankadula masikito akale, kuwanyika m'utoto wakuda, n'kumati afika ndi sitima ya dzulo. Akazi ankamwa tiyi polowetsa kapu kunsi kwa velo. Wina anakomoka ndi kutentha pa Lachisanu Loyera, koma atatsitsimuka chinthu choyamba anagwira chipewa kuona ngati chilipo. Wina anagwera m'ngalande ya njanji chifukwa chosaona bwino. Mzungu anayendera nyumba yathu mu Januwale, anaona mpando, wotchi ndi mkazi wa velo, ndipo Lorenso anakhala kalaliki wachiwiri. Anagula njinga. Pasanathe miyezi iwiri njinga zinali zitatu.

Ine ndinkakhala kuseri kwa nsalu yakuda ija n'kumaganiza za mwamuna wanga. Ndinkadziuza kuti inali misala ya tsiku limodzi, kuti manyazi anamukwera m'mutu, kuti mwina m'kupusa kwake ankafunadi kundikongoletsa. Ndinkamuda, komabe ndinkati nkhanzayo ndi yake, yochokera mumtima mwake, ndipo mtima ndi chinthu chimene chimatha kutembenuka.

5

Mu Juni 1921 Andrea, uja wa tiyi wa m'mphuno, anabwera ndi mkazi kuchokera ku Ngabu. Dzina lake anali Mariya. Anali wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wosachedwa kuseka, woyenda ngati akuvina. Nsapato ankazinyamula m'manja mpaka pakhomo la tchalitchi. M'masaya onse awiri anali ndi mphini, zazing'ono, zondandalikana ngati njere za mapira.

Ankabwera kwathu kudzaphunzira kulimbitsa makolala.

"Akulu, kodi m'kati mwa chinthu chimenecho mumapuma bwanji? Ine ndingafe ngati nsomba ya m'mono."

"Umazolowera."

"Ndiye mukafuna kulavula?"

Ndinaseka koyamba m'miyezi yambiri, ngakhale kuseka kunkandikoka chipsera.

Pa tiyi a Sebastiano anatsokomola kawiri n'kunena nthabwala ija ya mizere ya m'buku, mawu ake omwewo. Onse anaseka. Lorenso ndiye anaseka kwambiri.

Chakumayambiriro kwa Ogasiti Mariya anabwera akumwetulira.

"Akulu, bwanji munandibisira? Amuna anga akuti inunso munali nazo mphini, koma a Lorenso anazichotsa ndi mankhwala a ku Chinde. Akuti nkhope yanu tsopano ndi yosalala moti mukuibisira dzuwa. Akuti amaluma pang'ono. Ndi zoona?"

Lorenso anali pakhonde, akupukuta njinga. Nsanza inaima m'dzanja lake.

"Mphini zako n'zokongola, Mariya," ndinatero. "Zisiye."

"Inu mukutero chifukwa zanu zinachoka." Anaseka n'kuthamangira kwawo.

Sabata lotsatira, titachoka ku Misa, Andrea anagogoda. Anatsokomola kawiri.

"Achimwene, ndabwera kudzabwereka kasimbi kaja."

Andrea anali ndi simbi yake, yaikulu, yatsopano. Lorenso anakatenga pa alumali, n'kukakulunga m'nyuzipepala.

"Khungu lili ngati nsalu," ndinamumva akunena motsitsa mawu. "Koma umumange. Wanga anagwedezeka."

Andrea atachoka ndinaima pakhomo.

"Bambo, kaitanitseni. Mwanayo sanalakwire munthu."

"Za m'nyumba ya eni sizikukhudza."

"Mukudziwa chimene chili pansi pa velo ili. Mukudziwa kuti khungu silimera."

"Silinamere chifukwa cha iwe."

Ndinayesa kumudutsa. Anandigwira pakhosi n'kundikankhira kuchipinda. Anavula lamba. Anandikwapula ndi mbali ya chitsulo, pamsana, m'manja, m'mutu, chipewa chili pomwepo chifukwa ngakhale pomenya sankafuna kuona nkhope yanga. Atatopa anavala jekete, anakonza tayi, anakhoma chitseko chakunja ndi loko, n'kupita ku tiyi.

Ndinagona pansi ndikumvetsera. Supuni zinalira m'makapu. Kenako galamafoni inayamba, mokweza.

6

Mawindo a nyumba zija anali ndi zitsulo. Chitseko chinali cha matabwa a mabokosi, chopakidwa utoto kuti chioneke ngati cha mtengo wabwino. Chinthu cholimba m'nyumba monse chinali mpando wa mlombwa. Ndinaunyamula n'kuwomba nawo chitseko. Kachitatu thabwa linathyoka, ndinatulukira pabowo, misomali ikung'amba diresi.

Nyumba ya Andrea inali yomaliza pamzere. Ndinadutsa pakhonde pa a Sebastiano, anthu onse ali ndi makapu m'manja, mitu ikutembenuka pamodzi ngati nkhanga. Chitseko cha Andrea chinali chongotsekedwa ndi kamtengo. Ndinachikankha ndi phewa.

Mariya anali pampando wa mlombwa. Manja ndi miyendo zinali zomangidwa ndi mataye a mwamuna wake, ndipo tayi ina inamanga mutu wake ku chotsamira. Anali atavomera yekha kumangidwa. Koma tsopano anali ataona mbaula, ndipo maso ake anali pa kasimbi kamene Andrea ananyamula, kofiira kumphuno.

"Akulu, mankhwala aja ali kuti?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

Ndinavula chipewa n'kuchiponya pa makala.

"Ndi awa."

Mariya anakuwa. Andrea anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda khoma. Ankayang'ana tsaya langa, n'kuyang'ana kasimbi, n'kuyang'ananso tsaya.

"Anandiuza kuti munasalala," anatero.

Lorenso analowa akuthamanga, ena onse ali pambuyo pake. Anandimenya mbama pachipsera pomwepo, ndinagwera pa tebulo, makapu a mphatso za ukwati n'kusweka. Akazi a mavelo anaunjikana pakhomo. Wina anakweza velo lake kuti aone bwino, ataona anatsitsanso.

A Sebastiano anafika pomaliza, osafulumira. Anatsokomola kawiri.

"Mkazi uyu anagwera pamoto ndi matenda akugwa, ndipo mutu wake sukuyenda bwino. Tonse tikudziwa zimenezo." Anayang'ana uku ndi uku, mitu inagwedezeka. "Lorenso, nyumba yako yakukanika. Andrea, chitsulo chikuzizira."

Lorenso analanda kasimbi m'manja mwa Andrea. Anandigwira tsitsi monga tsiku lija, n'kutembenuza tsaya langa lamanja.

"Ndinakuuza kuti ndidzamaliza."

Kutentha kunali kutafika kale pa nsidze zanga pamene galamafoni inaleka pakati pa nyimbo. Bata limenelo linadzidzimutsa aliyense, ngakhale Lorenso anaima. Dona Anna analowa, akazi akumupatsa njira. M'dzanja anali ndi chopukusira cha galamafoni. Anamenya nacho Lorenso pamfundo ya dzanja, pomwe panali zipsera za mano anga. Ndinamva fupa likuthyoka. Kasimbi kanagwa pansi.

Dona Anna anamasula riboni yake.

Pamphumi pake panali chithunzi cha kasimbi komweko, chopingasa, choyererako ndi ukalamba. Mphuno yake, m'mbali mwake, ngakhale kachibowo ka pakona kamene ndinkakadziwa pa tsaya langa, zonse zinali zimodzimodzi.

"Chiromo, Novembala 1911," anatero. "Zanga zinali zisanu. Anazitema amayi anga." Anatembenukira kwa akazi a pakhomo. "Zaka khumi mwakhala mukumanga mabala amene mulibe."

"Anna, pita kunyumba," anatero a Sebastiano. Sanatsokomole.

"Ndinakupukusirani nyimbo pa Otilia, bambo. Munati ndikakana mudzanditumiza kwathu ndi mphumi yanga poyera, ndipo ndinapukusa. Lero ndapukusanso mpaka dzanja lakana."

Anawerama, anakulunga dzanja ndi riboni, n'kutola kasimbi. A Sebastiano anali munthu wonenepa, ndipo kumbuyo kwawo kunali khoma. Anawagwira tayi n'kukanikiza chitsulocho pansi pa khutu, kutsikira m'khosi, pamwamba pa kolala. Phokoso linali lomwe lija. Anakuwa ngati nkhumba yophedwa, n'kugwada, manja akupalasa m'mwamba. Dona Anna sanachotse msanga.

Panali amuna anayi amanja abwino m'chipindamo. Palibe anasuntha. Aliyense ankayang'ana mnzake kuti aone chimene anzathu achite, ndipo amene ankawauza zochita anali pansi.

Ine ndinamasula mataye a Mariya.

7

Lorenso anakhala pakhonde pathu, dzanja lili lendelende. Ndinalowa pabowo la chitseko, ndinatenga nsalu zanga ziwiri ndi mkeka umene ndinabwera nawo kuchokera kwathu. Potuluka ndinaima patsogolo pake, nkhope ili poyera.

"Ndifunse chinthu chimodzi, bambo. Zija za khungu ndi nsalu, munaganiza nokha?"

Anayang'ana nsapato zake.

"Anandiuza kuseri kuja. Anati iwonso anachita, ndipo taona pamene afika."

"Mphumi ya Dona munaiona?"

"Munthu sufunsa zotero kwa mkulu wako." Kenako anati, "Otilia, anzathu onse amatero."

Miyezi khumi ndinali ndikudana ndi mwamuna amene ndinkayesa kuti anandiwotcha ndi mtima wake. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti ngakhale nkhanzayo inali yobwereka, ngati magalasi aja. Panalibe munthu woti ndimukhululukire kapena kumuda. Panali jekete, kolala ndi nsapato.

Ine ndi Mariya tinakwera sitima ya pamtunda mpaka Chiromo. Achimwene ake anadzamutenga kumeneko, ine ndinapitirira kwa Maseya. Ankhoswe anga ataona nkhope yanga sanafunse zambiri, ukwati unatha. Dona Anna anakana kutsagana nafe. Anati akufuna azimuona mwamuna wake tsiku ndi tsiku. Kuyambira pamenepo ankayenda mphumi ili poyera, ndipo chimenecho chokha palibe mkazi anatsanzira.

Nkhaniyi sinafike ku boma. Amuna a pamzere anagwirizana kuti a Sebastiano anapsa ndi nyali, ndipo Lorenso anagwa pa njinga.

Mu Novembala chaka chomwecho ndinapita ku Port Herald komaliza, ndi malume anga, kukatenga mtondo ndi mphika zimene ndinasiya. Kunkatentha moti mbuzi zinkabisala pansi pa ngolo za sitima. Tinafika nthawi yoweruka. A Sebastiano anali patsogolo, atakulunga mpango wa silika m'khosi mpaka m'makutu, kubisa bala. Pambuyo pawo pankabwera amuna asanu, Lorenso ali pakati, Andrea ali kumapeto. Onse anali ndi mipango ya silika m'khosi mpaka m'makutu.

Kwa inu owerenga

Mariya ali moyo ku Ngabu, anakwatiwanso ndi msodzi, ndipo mphini zake zalowa m'makwinya moti uyenera kuyandikira kuti uzione. Ine ndili ndi nkhope ziwiri. Kumanja kuli dzanja la azakhali anga, amene ananditema akuimba, nditavomera, akazi a mudzi wonse ali pomwepo. Kumanzere kuli dzanja la munthu amene ankafuna kufanana ndi anzake. Ana akandifunsa, ndimawaonetsa mbali zonse ziwiri n'kuwauza mayina.

Sindikukuletsani nsapato, mipando kapena wotchi. Inenso tiyi ndimamwa. Koma ndinakhala pakati pa akazi atatu amene anadziphimba nkhope m'dzuwa la kuchigwa chifukwa cha ine, ndipo panalibe mmodzi amene anati, "Mnzanga, tavula tione." Akanatero pa Khrisimasi ija, Mariya sakanafika pampando. Mukaona mnzanu wavala chachilendo, musanathamangire kusitolo, mufunseni ngati chikumupweteka.

Kasimbi kaja ndinakatola pansi m'nyumba ya Andrea, katazizira. Ndimaswera mtedza. Anthu abwerapo kudzakabwereka, ndipo sindibwereketsa.